Makorali a ku Mafia pa kayak: alipo anafikako?

Nachisale: Moni nonse. Mu Novembala ndikupita ku chilumba cha Mafia ku Tanzania ndi mng'ono wanga amene amagwira ntchito ku Dar es Salaam. Kayak ndimapalasa, ndinaphunzirira ku Cape Maclear, kuchoka pa Chembe mpaka pa Thumbi. Kusambira ndi magalasi ndi kapaipi kopumira poonera mbuna ndinazolowera. Koma m'nyanja yamchere sindinalowemo. Mtima wanga uli pa makorali a ku Chole Bay, ku Mafia komweko, ndipo ndikufuna kukafika ndi nkhafi, osati boti la injini. N'zotheka?

Bambo a Chiko: N'zotheka achemwali, koma nyanja yathu isakupusitseni. Kumeneko madzi amadzaza n'kuphwera kawiri pa tsiku, ndipo mwezi ukakhala wathunthu kapena ukangooneka kumene, kusiyana kwake kumafika mamita atatu. Pamene mwakocheza m'mawa, masana mupeza pali matope okhaokha. Choopsa kwambiri ndi Kinasi Pass, khomo limene madzi a Chole Bay amatulukira kupita kunyanja yaikulu. Akamaphwera, pamenepo amathamanga moti nkhafi yanu singalimbane nawo. Musayandikireko nokha. Pezani munthu wa pa Utende, mudzi wa m'mphepete mwa Chole Bay, amene amadziwa nthawi za madzi, mupalase naye madzi akamadzaza, musambire atadekha.

Novembala mwasankha bwino. Mphepo ya kusi, yomwe ndi mwera wa kumeneko, imakhala itatha, ndipo ya kaskazi, yochokera chakumpoto, isanalimbe. Chole Bay ili mkati mwa Mafia Island Marine Park, imene inakhazikitsidwa mu 1995, ndiye pali ndalama yolipira tsiku lililonse. Muiwerengere.

Mayi Tadala: Ine ndiwonjezere za makoraliwo, chifukwa zimandipweteka mtima. Anthu ambiri amawayesa miyala, amaimapo kuti akonze magalasi. Ayi, n'zamoyo. Ndi tinyama ting'onoting'ono tomanga nyumba za laimu, ndipo m'thupi mwake mumakhala ndere zimene zimatipatsa chakudya ndi mtundu. Madzi akatentha kwambiri nderezo zimachoka, korali n'kuyera mbee, ndipo kutenthako kukapitirira amafa. Mu 1998 zimenezi zinapha makorali ambiri m'nyanja ya Indian Ocean, ndi ku Mafia komwe. Aja obulungira aakulu amakula pafupifupi sentimita imodzi pa chaka, ndiye chimene phazi lanu lathyola lero sichibwerera msanga.

Pa Thumbi munazolowera kuima pamwala mukatopa. Uko musatero. Valani jekete yoyandamitsa, mugone chafufumimba pamadzi, mapazi m'mwamba. Kayak musaimangirire pa korali. Mmodzi atsale m'bwato kapena muiike pamchenga. Mukakhala chete mumva phokoso lakuti kere kere. Ndi nsomba za parrotfish zikupala ndere pa korali ndi mano awo, ndipo zimene zapalazo zimatuluka ngati mchenga woyera. Ine ndinakhala nthawi yaitali ndikungomvetsera, mpaka msana unapsa ndi dzuwa. Muvale malaya a manja aatali.

Nachisale: Zikomo kwambiri nonse. Nanga zoluma? Mng'ono wanga akuopa shaki.

Bambo a Chiko: Muwauze asaope. Zimene zimavulaza anthu kawirikawiri ndi za pansi: ma sea urchin, tinyama tobulungira ta minga yaitali yakuda, ndi stonefish yooneka ngati mwala, ya poizoni woopsa. Potsika m'bwato muvale nsapato za m'madzi, ndipo musagwire chilichonse, ngakhale chigoba chokongola, chifukwa nkhono zina zimabaya. Shaki imene mungaione mu Novembala ndi whale shark, kufupi ndi Kilindoni, mbali ina ya chilumba. Ndi nsomba yaikulu kuposa zonse padziko, koma imadya tizilombo ta m'madzi ndi tinsomba ting'onoting'ono basi. Kumeneko ndiye mukwere boti, si ulendo wa kayak.