Maphunziro a kuika magazi: tiyambire pati, nanga misonkhano yaphindu ndi iti?

Wa ku labu:
Akuluakulu, komiti ya za magazi pa chipatala cha boma ikukonza maphunziro a tsiku limodzi a anamwino, makilinisha ndi a ku labu. Mitu iti itsogole? Nanga wofuna kuzama pa ntchitoyi alondole misonkhano iti?

Namwino wa ku wodi:
Musataye m'mawa wonse pa magulu a magazi, zimenezo anamaliza kusukulu. Yambani ndi za pabedi, poti magazi osagwirizana nthawi zambiri amalowa chifukwa chosokoneza maina, osati makina. Chubu cha magazi okayeza chilembedwe pamaso pa wodwala, dzina atchule yekha. Kulemberatu machubu kuthe. Anthu awiri afananize thumba la magazi, fomu ndi wodwala.

Mufiriji magazi amakhala pa madigiri 2 mpaka 6. Thumba likatuluka, liyambe kulowa pasanathe mphindi 30 ndipo lithe pasanathe maola 4, apo ayi mabakiteriya amaswana. Yezani kutentha kwa thupi, kugunda kwa mtima ndi BP musanatsegule, komanso pakatha mphindi 15. Wodwala akayamba kunjenjemera, kudandaula msana kapena mkodzo kuda, tsekani pomwepo, sinthani seti (chingwe cholowetsera magazi), ikani dilipi ya normal saline, thumba libwerere ku labu limodzi ndi magazi atsopano a wodwala ndi mkodzo. Dilipi ya Ringer's lactate isadutse m'chingwe chimodzi ndi magazi, calcium yake imawaundanitsa. Dilipi ya shuga (dextrose) ya 5% imaswa maselo ofiira. Zoviika thumba m'beseni la madzi otentha nazonso zimaswa maselo. Zonsezi ophunzira achite ndi manja, osangoonera pakhoma.

Kilinisha wa ana:
Amayi anena zoona. Onjezani masamu a ana. Malangizo a WHO: ikani magazi Hb (mlingo wa magazi m'thupi) ikakhala 4 kapena kutsika, kapenanso 4 mpaka 6 mwana akubanika. Magazi athunthu ndi 20 ml pa kilo, maselo ofiira okhaokha 10 ml pa kilo. Wonyentchera kwambiri, athunthu 10 ml pa kilo kwa maola 3, ndi furosemide (mankhwala okodzetsa) 1 mg pa kilo poyamba, chifukwa mtima wake suchedwa kulemedwa ndi madzi.

Wa ku nkhokwe ya magazi:
Wophunzitsa pemphani ku MBTS (Malawi Blood Transfusion Service, bungwe lotolera magazi), ali ku Blantyre, Lilongwe, Mzuzu ndi Balaka. Lembetsani bwino obwera kuti mapointi a CPD (a maphunziro opitiriza pa ntchito) awerengedwe ku Medical Council ndi ku Nurses and Midwives Council.

Pa misonkhano, yambani ndi wa Africa Society for Blood Transfusion. Unachitikapo ku Kigali mu 2016 ndi ku Arusha mu 2018, ndipo nkhani zake n'zathu zomwe: kusowa kwa opereka magazi, mafiriji, malungo, amayi otaya magazi pobereka. Wa ISBT (International Society of Blood Transfusion, bungwe la dziko lonse lapansi) ndi waukulu, koma ndege ndi malo ogona zimapweteka m'thumba. Unafika ku Cape Town mu 2023. Wofuna pepala la sukulu ayang'ane dipuloma ya za kuika magazi (transfusion medicine) ku University of the Free State ku Bloemfontein, ku South Africa.

Thandizo la ulendo limapezeka msanga kwa amene abstract yake (chidule cha kafukufuku chotumiza ku msonkhano) yalandiridwa, ndipo sipafunika kafukufuku wodula. Tengani kaundula wa miyezi 12: matumba angati anapemphedwa, angati anachitidwa crossmatch (kuyeza ngati akugwirizana ndi magazi a wodwala), angati analowadi, angati anatayidwa ndi chifukwa chake. Crossmatch ikaposa kawiri matumba olowa, mawodi akupempha mopyola, nkhani yapezeka kale. Chilolezo cha komiti yoona za kafukufuku chitengedwe musanatumize, ndipo dzina la wodwala lisaonekemo.