Matebulo 20 ofanana andivuta, 7 apindika pamwamba

Wa ku Mchesi:
Akuluakulu ndithandizeni maganizo. Zaka 9 ndakhala ndikupanga za maoda basi, munthu abwere ndi chithunzi pa foni, kaya bedi kaya kabati ya mbale, ndikayeze, apereke dipoziti, ndipange. Vuto lake mukulidziwa, mwezi wina maoda atatu mwezi wina anyamata anga awiri kungokhala pa benchi. Nde chaka chino ndinati ndiyambe chinthu chimodzi chomagulitsa nthawi zonse, matebulo ang'onoang'ono apabalaza a paini okhala ndi shelefu pansi. Mayi ena a shopu mtauni anawakonda nkuitanitsa 20. Patangotha masabata atatu andiimbira kuti 7 apindika pamwamba ngati bwato moti kapu ya tiyi ikumagwedera, awiri ang'aluka pomwe ndinamata guluu, komanso ukawaika pamzere sakulingana, ena atalika ndi chala chathunthu. Dzulo ndakawatenga, ali mshedi muno. Pa maoda izi sizinkandichitikira. Ndalakwitsa pati?

Madala a ku Ndirande:
Matabwawo munagula liti, nanga anakhala masiku angati musanayambe kupala?

Wa ku Mchesi:
Mu February madala, lole itangotsitsa kumene, ogulitsa ankati ndi a ku Chikangawa. Kugula Lachitatu, Lachisanu tayamba. Anali olemera ndithu koma mayi aja ankafulumira.

Madala a ku Ndirande:
Ndi pomwepo mwana wanga. Paini wochekedwa nthawi ya mvula amakhala ndi madzi okhaokha, pulena ikamadutsa utuchi wake umamata mmanja komanso thabwalo limazizira ukaligwira. Pa maoda paja mumagula matabwa asanu kapena asanu ndi limodzi nkukhala mshedi milungu ingapo mukudikira kasitomala amalize dipoziti, ankauma okha inu osadziwa. Pano mwagula mulu nkudula pompo, nde aumira pa shopu ya eni ake ali kale tebulo. Thabwa likamauma limafota mulifupi osati mulitali, ngati mwalimanga ndi masikuluu mbali zonse lilibe kopita, lipindika kapena ling'aluke.
Sanjani matabwa pamthunzi pansi pa denga, akwere kuchoka pansi ndi njerwa, pakati pa mzere uliwonse muike timitengo topingasa tolingana kunenepa kuti mphepo izidutsa, timitengoto tiyang'anizane kuyambira pansi mpaka pamwamba, pamwamba penipeni muike zolemera. Kunsonga pakani penti yotsala kuti asang'aluke. Osaimika padzuwa motsamira khoma ngati mmene ambiri timachitira mmbali mwa msewu, amauma kunja kokha mkati muli madzi.

Wa ku Mzuzu:
Kuwonjezera pa za madala. Mita yoyezera chinyezi ngati mulibe musadandaule, tengani thabwa limodzi pa mulupo mulilembe deti ndi pensulo, muziliyeza pa sikelo ya chimanga ija Loweruka lililonse. Likasiya kupepuka masabata awiri otsatizana lauma. A mipando ya mnyumba amafunika chinyezi cha 12% kapena chapafupi pamenepo. Ine ndimagula ambiri mu June ndi July kuti pofika October akhale okonzeka, ogulidwa mu February ndimawerengera kuti ndi a mtsogolo. Ndipo vanishi muzipaka mbali zonse ziwiri achimwene, ndikukhulupirira kunsi kwa matebulo anuwo kulibe olo dontho.

Wa ku Mchesi:
Kulibedi, tinapaka pamwamba pokha kuti tisunge vanishi.

Mlongo wanu wa ku Zomba:
Ine ndiyankhe za kusalinganazo chifukwa ndinadutsamo ndi timipando ta ana a sukulu ya mkaka. Tepi muibise kaye. Aliyense akamayeza yekha ndi tepi yake, wina pensulo yonenepa wina akudula kunja kwa mzere wina mkati, miyendo 80 singafanane. Pangani tebulo limodzi labwino kwambiri, mulimasule, chidutswa chilichonse muchijambule pa pulaiwudi chikhale patani, mulembepo dzina lake ndi kuchuluka kwake nkupachika pa msomali. Pa benchi khomani kathabwa koti nsonga ya mtengo izigunda pamenepo, sowo izidula malo amodzimodzi. Tsiku la miyendo ndi la miyendo yokhayokha yonse 80, la mabowo ndi la mabowo, kumanga kubwere kumapeto. Zimathandizanso pa nkhani ya magetsi, ESCOM ikayatsa mumathamangitsa zonse zofuna mashini, akathima mukhala mukumata ndi kukwecha sandipepa. Koma anyamata amayamba adandaula kaye kuti ntchito yake ndi yotopetsa, mnyamata wanga wina yemwe ndi waluso kwambiri anatsala pang'ono kundisiya, mpaka ndinamubwezera ku maoda nkumusiyira matebulo wophunzira kumene.

Wa ku Area 25:
Bwanji osangogula bulokubodi (timitengo tomatidwa pakati pa pulaiwudi) ya kampani ya Raiply kapena supawudu (bodi ya utuchi wopanikiza) ya pamwambapo? Sipindika, shiti imodzi mutulutsamo matopu angapo, nkhani yatha.

Mlongo wanu wa ku Zomba:
Bulokubodi bola, mukamata kamtengo mmphepete imaoneka bwino. Supawudu ayi aise, mwana akangotayirapo madzi imafufuma ngati buledi ndipo sibwereranso. Komanso anthu akugula tebulolo chifukwa akuona kuti ndi thabwa lenileni.

Madala a ku Ndirande:
Chinanso chomwe simunafunse, matabwa a matebulo 20 munagulira ndalama yanji? Ngati ndi dipoziti ya kasitomala wa wadilopu lekani msanga. Kwacha itagwa ndi 44% mu November 2023 ndinaona anzathu atadya madipoziti, pokagula matabwa ndi guluu mitengo yakwera, anthu akubwera ndi apolisi pa shedi. Matebulo akhale ndi kope lakelake ndi ndalama yakeyake, ndipo a shopu azilipirako theka potenga, osati zoti ndikagulitsa ndikupatsani.

Wa ku Mchesi:
Mwandigwira madala, theka inali ya bedi ya munthu wina, ndimaliza imeneyo kaye sabata ino. Thabwa ndayeza mmawa uno pa sikelo ya aneba ndalemba deti. Nanga 7 opindikawa ndiwataye?

Wa ku Mzuzu:
Ayi musataye. Chotsani matopuwo akhale kaye pa timitengo mpaka aume, kenako muwang'ambe mulitali mizere ya mainchesi atatu kapena anayi, muyang'ane mizere ya kunsonga kwa thabwa, pa chidutswa china iyang'ane kumwamba pa chotsatira pansi, mumate ndi makilampu pansi ndi pamwamba mupale. Pobwezera, mabowo a masikuluu pa felemu muwatalikitse pang'ono chopingasa kuti topu izitha kuyenda. Icheperako mulifupi nde asanu ndi awiriwo muwadule saizi imodzi, mukawauze mayiwo kuti ndi ang'onoang'ono a mtengo wotsikirapo.

Wa ku Mchesi:
Ndamva. Makilampu ndili nawo anayi okha, alipo muno mu Lilongwe angandibwereke ena awiri aatali Lolemba?