Chotupa pamwamba pa impso mwa khanda la masiku 6

Wojambula sikani, Kanyama (Lusaka): Akuluakulu, ndithandizeni nzeru. M'mawa uno andibweretsera khanda lachimuna la masiku 6. Linabadwa ndi makilogalamu 4.3, linachedwa kulira, pano lili ndi chikasu. Pa sikani ndapeza chotupa cha masentimita 3.5 pamwamba pa impso yakumanja, pamene pamakhala adrenal, kachiwalo kotulutsa mahomoni. Impsoyo ili bwino, yangokankhidwira pansi. Mkati mwa chotupacho pena poyera, pena pakuda. Ndisanapukute n'komwe jelo pamimba, agogo ake afunsa kale ngati ndi khansa. Ndilembe chiyani?

Clinical officer, Matero: Achimwene, osazengereza. Mutumizeni ku CT, sikani ija ya X-ray ya pakompyuta.

Dokotala wa zojambula: Pang'onopang'ono. CT kwa mwana wosakwana sabata ndi radiation (cheza cha X-ray) yambiri, mwinanso mpaka kumugoneka ndi mankhwala, komabe n'kubwera osayankha funso lathu. Doppler yoonera kuyenda kwa magazi mwayatsa? Chiwindi mwachiona? Nanga adrenal yakumanzere?

Wojambula, Kanyama: Ndayatsa a Dokotala, mkati mulibe magazi oyenda. Chiwindi n'chosalala, kumanzere kulibe kanthu.

Dokotala wa zojambula: Ndiye chikufanana ndi magazi okhetsekera mu adrenal. Mwana wamkulu, kubadwa movutikira, mbali yakumanja: nkhani yake imakhala yomweyi, ndipo chikasucho chingachokere ku magazi omwewo akamaphwanyika. Koma neuroblastoma, khansa ya ana, musaiwale, nayo imabisala pomwepo. Chimene chimasiyanitsa ziwirizi ndi nthawi. Magazi amasungunuka, mkati mumada, chotupa chimafota, pena n'kusiya kashiamu m'mbali. Lembani zonse ziwiri pa lipoti, yezani mbali zitatu, sungani zithunzi, abwerenso pakatha masabata 2. Chikakula kapena kukhala cholimba, mkodzo upimidwe VMA ndi HVA (zizindikiro za neuroblastoma), mwana apite ku UTH, chipatala chachikulu cha ku Lusaka. Inde neuroblastoma yaing'ono mwa makanda imatha kuzimiririka yokha, koma oweruza zimenezo ndi a khansa ya ana, osati ife.

Sisita wa wodi ya makanda: Hb (mlingo wa magazi) ndi bilirubin (yoyambitsa chikasu) zipimidwe lero. Ndipo mawu oti "chotupa" samalani nawo. Mayi akawamva amathawira kwina, tsiku lobwerera osaonekanso. Ine ndimati "magazi anaundana, tikufuna tione akusungunuka", kenako ndimatenga nambala ya foni ya anthu awiri.

Wojambula, Kanyama: Ndabweranso. Mwana uja tamuona lero, masiku 15 chijambulireni. Chatsika kufika masentimita 2.4, mkati mwada bii ngati madzi.

Dokotala wa zojambula: Chabwino, koma musamutaye. Abwerenso mwezi wamawa, mpaka chitatha.

Wojambula, Kanyama: Tsiku ndalemba kale pa khadi. Agogo akuti abwera naye okha.