Thandizeni, ophunzira anga a nthano pa intaneti angoti zii

Wobisa dzina: A admin ndibiseni chonde. Ndimaphunzitsa nthano za makolo pa koleji ina, ndipo chaka chino anatiuza kuti zonse zizichitikira pa intaneti. Ndinakonza zoti sabata iliyonse wophunzira azilemba kankhani patsamba lake, anzake n'kumayankhapo. Pa nthano ya Kaphirintiwa wa ku Dzalanyama, kumene makolo amati anthu oyamba anatsikira, zinayenda bwino. Kenaka ndinati ayerekeze Prometheus, uja anaba moto kumwamba Zeus n'kumulanga, ndi nthano yathu ya munthu amene anapekesa moto, tchire n'kupsa, Chauta n'kukwera kumwamba pa ulusi wa kangaude. Basi kuchokera pamenepo kuli zii. Ochepa amene akulembawo akungokopera za AI, wina mpaka analemba kuti kachisi wa Mbona, mzimu wa mvula wa Amang'anja, ali ku Karonga. Ndalama ya bandulo imene anatilonjeza sinabwerebe, laputopu ndikubwereka ya alamu anga amenenso amaifuna madzulo, ndipo abwana akundiona ngati waulesi. BP yakwera. Nditani abale?

Mchewa Weniweni: Vuto ndi inuyo aphunzitsi. Mwana wa ku Mitundu mukumutengera ku Greece kukatani, pomwe Dzalanyama ali pakhomo pake? Sadziwa Makewana wopempha mvula ku kachisi wa ku Msinja, sadziwa Thunga njoka yopatulika, koma aloweze Zeus!

Mayi wa atatu: Pepani aphunzitsi. Kodi zolembazo zili ndi malikisi?

Mwana wa ku Nsanje: Karonga?? Ameneyo abwere ku Khulubvi adzaone yekha. Musamupatse ngakhale theka.

Mchewa Weniweni: Mwaona? UNESCO inalemekeza Gule Wamkulu mu 2005, zojambula za pamiyala ku Chongoni mu 2006. Akunja akudziwa ulemu wa zathu, ife tili kalikiliki ndi milungu ya eni.

Mphunzitsi mnzanu: Achimwene, kuyerekezako ndiye phunzirolo. Mwana akaona kuti kwa Agiriki moto unabedwa kwa milungu, kwathu kuno munthu anaupanga yekha ndipo ndi umene unathamangitsa Chauta, amayamba kufunsa chifukwa chake. Aphunzitsi, funsolo ndi labwino koma mwawapatsa lonse kamodzi. Auzeni ajambule mawu a agogo kapena amalume akusimba nthano imodzi, alembe zimene amva, atchule mudzi ndi boma. AI singakopere agogo a munthu.

Mchewa Weniweni: Sindine mchimwene wanu. Ndipo si zonse zojambula. Za kudambwe siziikidwa pa foni.

Mphunzitsi mnzanu: Ndani watchula dambwe? Nthano ya bilimankhwe ndi buluzi, ya mmene imfa inabwerera, amasimbira ana pamoto.

Wophunzira wakale: Ine ndinalephera kosi ngati imeneyi. Ndinkakwera pachulu kuseri kwa nyumba kusaka netiweki, ndikamati nditumize, tsamba n'kuzungulira mpaka bandulo kutha. Aphunzitsi ankangoti ndine wamwano. Mpaka lero zimandiwawa.

Mtumiki: Ana a Mulungu asamaphunzitsidwe za mizimu. Mwina akukana ndi chikumbumtima.

Kabaza wa ku Area 25: Alamuwo apatseni kaye nkhuku, laputopu izigona kwanu 😂

Mchewa Weniweni: A Mtumiki, dzina loti Chauta limene mumaimba m'tchalitchi munalitenga kuti? Makolo athu ankapempha mvula kwa Chauta amishonale asanafike.

Mtumiki: Sinditsutsana ndi munthu wosabatizidwa.

Mayi wa atatu: Ndafunsa za malikisi sindinayankhidwe. Mwana wanga ali ku koleji, chopanda malikisi sachigwira, bandulo amasungira zimene zikubwera pa mayeso. Komanso alipo angati? Ngati ndi ambiri agaweni m'magulu a anthu asanu pa WhatsApp, mmodzi azitumiza za gulu lonse akapeza netiweki.

Wobisa dzina: Zikomo nonse. Alamu angawo ndi ovuta, nkhani yake ndi yaitali, anayamba kalekale pa ukwati wathu. Za agogozo ndiyesa Lolemba.

Mchewa Weniweni: Mukayambe ndi Msinja. Ndipo a Mtumiki, ndinabatizidwa inu musanabadwe.