Ma prawns mu Chipata: tidziwa bwanji kuti sanasungunukepo m'njira?

Akuluakulu, ndithandizeni nzeru, makamaka inu ophika ndi ogulitsa nsomba za m'nyanja yamchere.

Chipata ili kutali ndi nyanja. Ma prawns, calamari ndi nkhanu zomwe malo odyera apamwamba amaphika ndi kokonati zimabwera zouma ndi ayezi, kaya kuchokera ku Mozambique kudzera pa malire a Chanida, kaya ku Lusaka, ulendo wa makilomita oposa 500 pa Great East Road. Zimafunika kukhala pa -18°C njira yonse. Malaiti akathima maola ambiri popanda jenereta, zimasungunuka, kenako n'kuumanso, ndipo vuto limayambira pamenepo.

Zikakhala zosaphika sizivuta kuzindikira: mutu wa prawn umada, nyama imafewa ngati phala, fungo limakhala ngati la mkodzo, ndipo pansi pa paketi pamaundana ayezi wambiri chifukwa madzi anatuluka. Koma zikafika pa mbale zitamira mu msuzi wa kokonati, adyo ndi piripiri, fungo lija limabisika. Calamari yolimba ngati mpira siuza kanthu, imeneyo nthawi zambiri yangopsa mopitirira mphindi ziwiri kapena zitatu.

Ndiye pa tebulo munthu ayang'ane chiyani? Kodi kuitanitsa zowotcha, msuzi uli padera, kumathandiza? Nanga woperekera zakudya mumamufunsa bwanji za tsiku lomwe katundu anafika ndi za jenereta, osaoneka ngati mwabwera kudzayesa milandu? Ndipo prawn ikanunkha mutaluma kale, bilu ya mbale imeneyo imakhala ya ndani?