Thanki ya madzi a mchere: sabata zitatu zatha, amoniya sakutsika

Wa ku Chibavi: Mwaswera bwanji akuluakulu. Ndithandizeni maganizo. Mathanki a mbuna ndakhala ndikuwakonza kwa nthawi, koma ya madzi a mchere iyi ndi yoyamba. Ndi ya bwana wina wa malo ogona alendo, akufuna clownfish ziwiri (tinsomba ta m'nyanja za mchere) pofikira alendo. Thanki ndi ya malita 60. Mchere ndi weniweni wa marine, unachokera ku Dar es Salaam, si wa kukhitchini. Ndinaika mchenga wa aragonite ndi miyala youma, kenako ndinaponyamo kausipa kamodzi kuti kawole n'kutulutsa amoniya, poizoni amene mabakiteriya oyeretsa madzi amadya, kuti aswane nsomba zisanalowe. Amoniya anakwera kufika 2 ppm (mamiligalamu awiri pa lita) ndipo wangoima pomwepo, lero ndi tsiku la 21. Nitrite 0, nitrate 0. Bwana akundiimbira tsiku lililonse.

Wa ku Nkhata Bay: Achimwene, tengani siponji ya mu fyuluta ya mbuna muifinyire mmenemo. Ife kuno thanki yatsopano timaiyambitsa choncho.

Bambo a ku Luwinga: Njira imeneyo ndi yabwino pa madzi a m'nyanja yathuyi, koma apa sithandiza kwenikweni. Mabakiteriya ozolowera madzi opanda mchere mukawaponya mwadzidzidzi m'madzi a magalamu 35 a mchere pa lita, ambiri amafa. Mwana wanga wa ku Chibavi, tisanapite patali ndiyankheni izi: madziwo akutentha madigiri angati m'mawa? Fyuluta mumaitsuka? Nanga madzi akatsika mumathiramo otani?

Wa ku Chibavi: Bambo, hita sindinaike, ndimati ndidzagula nsomba zikamabwera. Ndayeza m'mawa uno, madigiri 16. Siponji ndimaitsuka pampopi Loweruka lililonse chifukwa imada. Madzi akatsika ndimasungunula mchere wina m'ndowa n'kuthiramo.

Bambo a ku Luwinga: Basi, matenda tawapeza, ndipo alipo atatu. Choyamba mumvetse kuti panopa muli ndi ziweto kale m'thankimo, kungoti n'zosaoneka ndi maso. Gulu loyamba la mabakiteriya limadya amoniya n'kutulutsa nitrite, lachiwiri limadya nitrite n'kutulutsa nitrate. Sakhala m'madzi moyandama, amamatirira pa miyala, pa mchenga ndi pa siponji ija. Ndiye Loweruka lililonse mwakhala mukutenga khola lawo n'kulisambitsa ndi madzi a chlorine, mankhwala amene amathiridwa n'cholinga chopha mabakiteriya. Kuda kwa siponji kumene kumakudetsani nkhawako ndiye chuma chanu.

Chachiwiri ndi kuzizira. Mabakiteriya amenewa amaswana pang'onopang'ono ngakhale zinthu zili bwino, ndipo pa madigiri 16 amachita ngati agona. June wa ku Mzuzu tonse tikumudziwa, pamwamba pano si ku Nkhata Bay kapena ku Karonga. Madzi akhale pa 25 kapena 26. Ena amati wati imodzi pa lita, koma kuno ine ndingagule hita ya mawati 100, ndipo thankiyo muivundikire.

Mayi a ku Katoto: Chachitatucho ndichinene ine, chifukwa ndinachiona ndi maso kwa kasitomala wanga wina. Madzi akamauma, amapita ndi madzi okha, mchere umatsala. Ndiye mukamathira a mchere ena, mukungounjika. Achimwene, muli ndi choyezera mchere m'madzi, hydrometer kapena refractometer? Yezani pompano.

Wa ku Chibavi: Mayi, ikuwerenga 1.030. Poyamba ndinaika pa 1.025.

Mayi a ku Katoto: Mwaonatu. Chotsani malita anayi lero, mubwezeretse opanda mchere, mawanso chimodzimodzi, kenako muyeze. Mulembe mzere ndi maka pagalasi pomwe madzi akuyenera kulekezera. Akatsika, muzithira opanda mchere mpaka pamzerepo. A mchere ndi a tsiku limene mwachita kutunga madzi ena n'kutaya. Ndipo a pampopi musathire mwachindunji. Abwino ndi osefedwa ndi makina a RO (reverse osmosis) kapena otchezedwa (distilled). Zikavuta, thirani mankhwala ochotsa chlorine muyambe mwawasiya m'ndowa. A mvula ochokera pa malata ayi, amatenga zinc.

Wa ku Nkhata Bay: Zamveka. Koma poti bwanayo akufulumira, bwanji osaikamo nsomba yolimba iyambitse? Makakana a ku Lower Shire aja amapirira mchere.

Mayi a ku Katoto: Kupirira mchere amapiriradi, koma funso si mchere. Amoniya ali kale 2 ppm, nsomba ikawonjezerenso wa chiyani? Komanso madzi a marine amakhala pa pH (muyeso woonetsa ngati madzi ali ndi asidi kapena ayi) ya 8.1 mpaka 8.3, ndipo pamenepo amoniya amaluma kwambiri kuposa m'madzi a pH yotsika. Amawotcha makha. Ine nsomba yopuma movutika pamwamba pa madzi sindifuna kuionanso, kaya ndi yotchipa.

Bambo a ku Luwinga: Ndagwirizana ndi mayi. Kausipa kaja ngati kakadalimo kachotseni, chakudya chakwana. Ngati pali amene akubwera kuchokera ku Lilongwe kapena ku Johannesburg, akubweretsereni botolo la mabakiteriya a madzi a mchere, muone tsiku lothera ntchito ndipo lisakhale padzuwa m'basi. Kamwala kochokera m'thanki ya marine yokhazikika kamaposanso botolo, bola kayende kali konyowa. Popanda zimenezi zidzayambabe zokha, koma muwerenge sabata zinayi mpaka zisanu ndi chimodzi kuyambira tsiku loika hita, osati tsiku lothira madzi.

Wa ku Chibavi: Nanga magetsi akazima? Kumeneko nthawi zina amapita maola angapo.

Wa ku Nkhata Bay: Apo ndiye pa ine. Gulani kapampu ka mpweya ka mabatire, timagwiritsa ntchito ponyamula mbuna. Mabakiteriyawo amafunanso mpweya ngati nsomba. Thanki muifunditse bulangete, ndipo ngati kwazizira kwambiri yandamitsanimo botolo lotseka bwino la madzi ofunda. Ngati malowo ali ndi sola kapena inivata, pemphani soketi imodzi, pampu sidya magetsi ambiri. Hita ndiyo imadya.

Bambo a ku Luwinga: Bwanayo muwauze zoona lero lomwe, ndipo muwaonetse kope la zimene mukuyeza. Munthu akaona manambala akusintha amadekha. Muziyeza pakatha masiku awiri aliwonse.

Wa ku Chibavi: Akuluakulu, ndabweranso. Lero ndi tsiku la 12 chiikireni hita. Madzi ali pa 25, mchere 1.025, siponji sindinaikhudze. Amoniya watsika kufika 0.5, nitrite wakwera kwambiri. Koma pamchenga ndi pagalasi pamera zinthu zofiirira ngati fumbi. Ndalakwitsa penanso?

Mayi a ku Katoto: Simunalakwitse. Amenewo ndi ma diatom, mtundu wa ndere, amakonda kubwera m'thanki yatsopano chifukwa cha silicate wosungunuka m'madzi, ndipo amatha okha. Zimitsani getsi la thanki, palibe chimene chikulifuna panopa. Pukutani galasi la kutsogolo lokha kuti alendo asadabwe.

Bambo a ku Luwinga: Nitrite akakwera ndiye kuti gulu loyamba lagwira ntchito. Lachiwiri limachedwerapo, musasinthe madzi. Amoniya ndi nitrite akafika pa 0, pangani mayeso omaliza: kwezani amoniya kufika 2 ppm, ndi ammonium chloride ngati mungampeze chifukwa usipa suyezeka bwino. Pakatha maola 24 amoniya ndi nitrite akabwerera pa 0, nitrate n'kumaoneka, thanki yapsa, yakonzeka kulandira nsomba.

Wa ku Chibavi: Tsiku la 33 chiikireni hita. Dzulo m'mawa ndinakweza kufika 2 ppm, lero amoniya 0, nitrite 0, nitrate 40. Zikomo kwambiri bambo, mayi, ndi achimwene a kunyanja.

Mayi a ku Katoto: Nitrate ameneyo ngwambiri. Sungunulani mchere wa malita 30 usiku, ugone ndi pampu, utenthe mofanana ndi wa m'thanki, mawa musinthe theka. Siponji muifinye pang'ono m'madzi omwe mwachotsawo. Nsomba zikachedwa kufika, muziponyamo kachakudya pang'ono kuti mabakiteriya asafe ndi njala. Zikafika, ziwiri zokhazo, ndipo mutitumizire manambala a sabata yoyamba.