Phungu wabweza mawu ake, koma mkonzi akufuna dzina la nduna pamutu wa nkhani

Mtolankhani wa ku Nyumba ya Malamulo:
Anzanga, ndithandizeni msanga chifukwa tsamba likutsekedwa 7 koloko usiku uno ndipo mkonzi wandiimbira kale kanayi. Masana ano Nyumba inali mu Committee of Supply, pamene aphungu amaunika bajeti gawo ndi gawo, ikukambirana voti (gawo la bajeti) ya ndalama zoyendetsera maofesi a akazembe. Phungu wina wa mbali yotsutsa boma anati ndalamazo zakwera pafupifupi kawiri chifukwa boma likufuna kutsegula maofesi m'mayiko omwe sitichita nawo malonda enieni. Kenaka anatchula nduna ina ndi dzina, nati kampani ya mlamu wake ndi imene imapatsidwa ntchito yogula mipando ndi magalimoto a maofesiwo, koma ndunayo sinaulule zimenezi. Mbali ya boma inaimirira pa point of order, kudandaula kuti malamulo a Nyumba aphwanyidwa, Sipikala anamuuza kuti apereke umboni kapena abweze mawuwo, iye anati wabweza uku akuseka, ndipo zokambirana zinapitirira. Zonsezi ndili nazo mu rekoda. Mkonzi akufuna dzina la ndunayo pamutu wa nkhani. Kodi mawu obwezedwa timawalemba? Komanso nambala imene phunguyo anatchula sikugwirizana ndi imene ili m'buku la bajeti lomwe ndili nalo pano.

Wolemba Hansard wopuma pantchito:
Mwana wanga, dikirani Hansard, buku lovomerezeka la zolankhulidwa m'Nyumba. Rekoda yanu yagwira zimene zinamveka kumene munakhala, pamwamba pa phokoso la aphungu akumenya matebulo, koma chimene Nyumba idzavomereze kuti chinanenedwa ndi chokhacho chimene chidzalembedwe mu Hansard.

Mkonzi wa nkhani za ndale:
Bambo, Hansard situluka isanakwane 7 koloko, ndipo nyuzipepala siidikira. Funso lenileni ndi la chitetezo. Phungu ali ndi chitetezo chonse pa zimene wanena m'Nyumba, ndipo m'mayiko otsata dongosolo la Westminster mwambo umenewu unachokera ku Bill of Rights, lamulo la ku England la 1689, limene linati zolankhulidwa m'Nyumba zisafunsidwe m'khoti lililonse. Mtolankhani chitetezo chake n'chochepa, ndipo chili ndi malire. Pa mlandu wa Wason ndi Walter mu 1868, nyuzipepala ya The Times inasumiridwa chifukwa cholemba zokambirana za House of Lords, chipinda china cha Nyumba ya Malamulo ya ku Britain, zimene zinaipitsa mbiri ya munthu, ndipo khoti linaiteteza chifukwa inalemba mokhulupirika, mosakondera ndiponso popanda njiru. Apa ndi pamene mkonzi wanu akufuna kukugwetserani m'dzenje. Mukaika dzina la nduna pamutu, kubweza kwa mawu n'kukakuponya m'ndime ya khumi ndi ziwiri, palibe woweruza amene adzanene kuti nkhaniyo ndi yosakondera. Ngati mukulemba, chinenezo, chigamulo cha Sipikala ndi kubwezako zikhale m'ndime imodzi yoyamba, ndipo funsani loya wa kampani yanu zimene malamulo a dziko lanu akunena.

Wolemba Hansard wopuma pantchito:
Popeza mwatchula milandu yakale, kumbukiraninso kuti ngakhale banja la a Hansard, lomwe linkasindikiza mapepala a Nyumba ya Malamulo ya ku Britain, linagonja m'khoti mu 1839, pamene wosindikiza mabuku wotchedwa Stockdale anawasumira chifukwa cha lipoti la oyendera ndende limene anasindikiza molamulidwa ndi Nyumba yeniyeniyo. Zinatengera lamulo latsopano la 1840 kuti mapepala a Nyumba atetezedwe. Ngati osindikiza a Nyumba anapsa, kuli bwanji mnyamata wongonyamula rekoda? Dikirani Hansard.

Mtolankhani wa pa wailesi:
Ine zinandionekera zaka zapitazo, ndipo sindifuna kuti mnzathuyu adutse momwemo. Phungu wina ananeneza mkulu wa bungwe lina la boma m'Nyumba, ine ndinamuthamangira pamasitepe nthawi yopuma n'kumupempha kuti abwereze mawuwo pa maikolofoni yanga chifukwa m'chipindamo sanamveke bwino. Anabwereza mokondwa, tinaulutsa madzulo omwewo, ndipo patapita sabata kalata ya maloya inafika. Sindinadziwe kuti chitetezo chija chimathera pakhomo la chipinda chokambirana, kotero mawu omwewo akanenedwa pamasitepe amakhala mawu a munthu wamba. Wailesi inapepesa katatu pa nkhani za madzulo, ndipo phungu uja anasiya kuyankha foni yanga. Chonde musamuimbire phunguyo kuti atsimikize chinenezo chake poganiza kuti mukulimbitsa nkhani.

Mtolankhani wa ku Nyumba ya Malamulo:
Ndamva, achimwene, sindimuimbira. Nanga za nambala zija? Mkonzi akufuna kuti tilembe kuti ndalama zakwera kawiri.

Wolemba nkhani za chuma:
Musalembe zimenezo musanaone mzere umene phunguyo anawerenga. Pa voti iliyonse pamakhala ndalama zimene Nyumba inavomereza chaka chatha, zimene zinasinthidwa pakati pa chaka, ndi zimene zikupemphedwa tsopano, ndipo aphungu amakonda kusankha mizere iwiri imene ikupereka kusiyana kwakukulu. Wa mbali yotsutsa amayerekeza zovomerezedwa poyamba ndi zopemphedwa lero, pamene nduna imayerekeza ndi zosinthidwa kuti kukwerako kuoneke kochepa, ndipo onse awiri amatuluka akulumbira kuti anena zoona. Onaninso ngati sanaphatikize ndalama zoyendetsera ntchito za tsiku ndi tsiku ndi za chitukuko, chifukwa kugula nyumba imodzi ya kazembe kumatupitsa voti yonse chaka chimenecho chokha.

Pali chinanso chimene ambiri timaiwala. Lendi ya maofesi a kunja, malipiro a ogwira ntchito kumeneko ndi fizi ya ana awo zimalipiridwa m'ndalama zakunja. Ndalama ya dziko ikagwa mphamvu, voti imeneyi imakwera ngakhale boma lisanatsegule ofesi ina iliyonse kapena kugula mpando umodzi. Ine ndikanalemba nambala za m'bukumo, n'kutchula mzere umene ndazitenga, ndipo ya phunguyo ndikanaiika ngati mawu ake basi.

Wolemba Hansard wopuma pantchito:
Ndi chifukwa chake ndikunena kuti adikire Hansard, mayi, popeza nambala imene anatchula idzaoneka momwemo.

Wolemba nkhani za chuma:
Bambo, ndi ulemu wonse, Hansard idzalemba nambala yolakwikayo monga momwe inanenedwera. Inu nomwe munatiphunzitsa kuti mumachotsa zobwerezabwereza ndi kukonza galamala, koma simusintha mfundo ya phungu. Hansard imatsimikiza kuti mawu ananenedwa, siitsimikiza kuti ndi oona.

Mkonzi wa nkhani za ndale:
Chimene chikundidetsa nkhawa ine n'chakuti tonse tathamangira dzina la nduna, pamene funso loti dziko likhale ndi akazembe m'mayiko ati, ndiponso kuti maofesiwo abweretsa chiyani, palibe amene walitola. Ndunayo inayankha chiyani pa mfundo imeneyo? Nkhani ya mlamuyo, ngati ilidi ndi mutu, siidzatsimikizika ndi mawu a m'Nyumba. Pamafunika kuona kaundula wa makampani, zimene ndunayo inalemba poulula chuma chake, ndi malipoti a Auditor General, mkulu wolondoloza ndalama za boma, ndipo ntchito imeneyo ndi ya milungu ingapo. Nkhani ya ndalama zimene aphungu a ku Britain ankadzibwezera, yomwe The Daily Telegraph inatulutsa mu 2009, inayenda chifukwa nyuzipepalayo inali ndi zikalata m'manja.

Mtolankhani wa pa wailesi:
Kodi alipo amene akudziwa ngati Sipikala anangoti mawuwo abwezedwe, kapena analamulanso kuti afufutidwe m'zolembedwa za Nyumba? Zinthu ziwirizi sizifanana, ndipo loya adzayamba kufunsa chimenecho.

Wolemba Hansard wopuma pantchito:
Zimenezo mudzazidziwa Hansard ikatuluka.